Nyali Yofiira pa Zenera la a Sipiriano

Lachitatu lapitali tinachita Misa yokumbukira a Sipiriano Ngozo, poti patha chaka chitisiyireni. Anthu sanabwere ambiri. Kunali chiperoni, ndipo ena anali kumadimba kukumba mbatatesi chifukwa ogula a ku Chimbiya anali atafika ndi galimoto. Ansembe anatchula dzina lawo kamodzi pamodzi ndi maina ena atatu, Misa n'kupitirira. Pobwerera kunyumba ndinaganiza zolemba zimene ndikukumbuka za iwo. Pali chinthu chimodzi chimene tinkachidziwa awiri okha, ndipo tsopano ndatsala ndekha.

A Sipiriano ndiwo ankasunga tchalitchi chathu, kanthambi ka parishi kamene kali m'mapiri muno, mbali ya kwa Kaphuka. Anayamba ntchitoyo ine ndisanakwatire, ndipo sankalipidwa. Ankatsegula, kutseka, kusesa, kuchapa nsalu za paguwa, ndiponso kuthira mafuta mu nyali yofiira imene imayaka pafupi ndi tabenakulo, kabokosi kamene timasungiramo Ukaristia. Amene si a mpingo wathu adziwe kuti nyaliyo si younikira ayi. Ndi mboni. Ikamayaka ndiye kuti Ambuye alimo, wolowa agwade. Ukaristia ukachotsedwa, nyali imazimitsidwa ndipo kachitseko ka tabenakulo kamasiyidwa kotsegula, kuti munthu asagwadire bokosi lopanda kanthu.

Anali munthu wamtali, wowonda, wa mawu ochepa. Akazi awo anamwalira kalekale. Mwana wawo wamkazi anakwatiwa ku Zambia, wamwamuna anapita ku migodi ndipo makalata ake anangosiya kubwera. Nyumba yawo ndi yanga zinkalekana ndi mpanda wa khonje, choncho kwa zaka zambiri ndinkaona mmene ankagwirira ntchito. Nsalu za paguwa sankazichapa ndi madzi a pachitsime. Ankakwera kukatunga ku kasupe wa m'phiri, ngakhale m'miyezi yozizira pamene madziwo amaluma zala. Sankaziyanika pa chingwe chimodzi ndi malaya awo. Posita, enafe timayesa kutentha kwa simbi ndi malovu, koma iwo ankaika kambale ka madzi pambali n'kumadontheza ndi chala. Ankakonda kunena kuti mawu oti "bola" agwetsa matchalitchi ambiri kuposa chiswe. Ankanenanso kuti wosesa pakati pokha ndiye kuti akusesera alendo, osati Mwini nyumba.

Sindinganene kuti anali munthu wosavuta. Anakangana ndi akwaya chifukwa chomata mapepala a nyimbo pakhoma ndi phala. Anakangana ndi amayi okongoletsa guwa chifukwa cha maluwa a pulasitiki. Koma mkangano umene anthu amaukumbukabe ndi wa mabenchi. Matipate atangoyamba, a Bonifasi, amene ankaimba besi mu kwaya komanso ankatsogolera chipani china m'dera lathu, anabwera ndi ngolo kudzabwereka mabenchi a m'tchalitchi kuti akachitire msonkhano. Anapeza a Sipiriano atakhala pakhomo.

"Bambo, ndi mabenchi chabe," anatero a Bonifasi. "Madzulo ano tibweza."

"Mabenchi awa anadalitsidwa."

"Ndiye akakhalapo anthu a chipani, madalitso achoka?"

"Sachoka. Koma mawa abwera a chipani chinacho, nawonso ndi obatizidwa. Mkuja abwera achitatu. Pofika Lamulungu tidzakhalira chiyani, mbendera?"

"Dziko lasintha, bambo. Uno ndi ufulu."

"Ndiye gwiritsani ntchito ufulu wanuwo, mukakhale pa udzu."

Anatulutsa kolona n'kuyamba kupemphera pomwepo, miyendo atatambasula pakhomo, mpaka ngolo inabwerera yopanda kanthu. Ena anati a Ngozo ndi a chipani chakale. Anaiwala kuti nthawi ya chipani chimodzi anakanizanso mabenchi omwewo, pamene kukana kunkatha kumutayitsa munthu.

Kolera inatipeza zaka zochepa pambuyo pake, mvula ili pakati. Inayambira m'midzi ya kumunsi, kenako inakwera. Azaumoyo analetsa chilichonse chosonkhanitsa anthu: msika, sukulu, mowa wamasese, ngakhale mapemphero. Womwalira ankaikidwa ndi azaumoyo okha, atamukulunga m'chipepala chakuda, popanda kumusambitsa, popanda nyimbo. Tinasiya kugwirana chanza. Munthu ukamuona akubwera, unkaima patali n'kumuombera m'manja. Achikulire ankati chibadwire sanaonepo tchalitchi chitatsekedwa Lamulungu.

Sabata imene lamulolo linafika, a Sipiriano anali kuchipatala kukachotsa ng'ala m'diso. Kiyi anasiyira ine, poti ndinali mlembi wa komiti ya tchalitchi, ndipo n'chifukwa chake ankanditchula kuti alembi. Lachitatu ansembe anafika pa njinga yamoto, matope mpaka m'mawondo. Tinalowa awiri. Anatenga Ukaristia wonse n'kuuika m'kachikho kotseka, n'kukabisa pachifuwa. Anachotsa kansalu ka pa tabenakulo, anasiya kachitseko kotsegula, anazimitsa nyali. Atakhoma chitseko chachikulu anaika kiyi m'thumba mwawo.

"Mukawauze a Ngozo kuti Ukaristia ndatenga," anatero akukwera njinga. "Asade nkhawa."

A Sipiriano anabwera Lachisanu, diso limodzi lili ndi bandeji. Ndinawaona akudutsa osalowa n'komwe m'nyumba, kulunjika kutchalitchi, atamva panjira kuti ansembe akhoma n'kutenga kiyi. Anazungulira, anasuzumira pa kabowo ka mpweya, anaima pamenepo kanthawi. Ndinati ndiwasiye apume kaye, ndiwauza dzuwa likapendeka. Pamene ndinkafika pa mpanda, pa zenera lawo panali patayaka nyali yagalasi. Galasilo anali atalipaka katondo wosungunula m'madzi kuti kuwala kufiire. Zenera limenelo linkayang'ana tchalitchi, tsidya la kadambo.

"Alembi," anandiyamba ndi iwo, "mwapereka kiyi osathira mafuta? Yazima. Ambuye awatsekera mumdima."

Sanalankhule mokalipa. Nkhope yawo inali ngati ya munthu amene wapatsidwa ntchito.

"Koma musadandaule," anapitiriza. "Apa ndi pafupi. Iwo atsekeredwa uko, ine kuno. Tisungana."

Ndinatsegula pakamwa. Akazi anga anali atamwalira chaka chapitacho, ndipo ndinkadziwa mmene imakhalira nyumba imene mulibe womuyatsira nyali. Mawu amene anatuluka ndi akuti, "Chabwino, bambo." Mumtima ndinati ndiwauza mawa.

Lamulungu loyambalo ndinamva zimene sindidzaiwala. A Sipiriano anadzuka, anasesa bwalo, anavala jekete, tayi ndi nsapato. Nthawi ya Misa itakwana anagogoda khasu lakutha katatu m'malo mwa belu, pang'onopang'ono, m'kati mwa nyumba, kuti anthu asamve n'kubwera. Kenako anayamba. Mawerengo ankawerenga mokweza. Nyimbo ankaimba ndime zonse. Koma mawu a wansembe sankawanena, chifukwa ankati si awo. Pamalo pake ankakhala chete kwa nthawi yeniyeni imene ansembe akadalankhula, kenako n'kuyankha. Ine ndi ana anga awiri, tili m'nyumba mwathu, tinkangomva mayankho okhaokha. Zii, kenako Amen. Zii wautali, kenako yankho lina. Pofika pa nthawi yokweza mkate tinamva mawondo awo akugunda pansi. Ine ndinali nditatsegula buku la mapemphero, koma sindinawerenge. Ndinkamvetsera munthu akuyankha wansembe amene kulibe, atagwadira tabenakulo imene ndinkadziwa kuti ili pululu.

Nyaliyo inkayaka usana ndi usiku. Njira ya kuchitsime inkadutsa chapafupi, ndipo tsiku lina a Nabanda, mayi wa mpingo wina amene ankakonda kuwaputa, anaima patali ndi chidebe chawo.

"A Ngozo! Dzuwa lili pamutu, inu nyali ili ngwee. Kodi Mulungu wanu naye ali ndi ng'ala?"

"Nyali si yoti Iwo aone, mayi. Ndi yoti inu mudziwe."

"Tidziwe chiyani?"

"Kuti m'nyumba muja Mwini wake alimo."

"Ife wathu ali paliponse, safuna parafini."

"N'chifukwa chake mumachedwa ku mapemphero. Mumati mwakumana naye kale panjira."

A Nabanda anaseka mpaka madzi anatayikira. Kunali kuseka koyamba kumene ndinamva chiyambireni matendawo.

Amayi a mpingo wathu anayamba chizolowezi. Akafika poonekera nyali, ankatembenukira kutchalitchi n'kupinda bondo, chidebe chili pamutu. A Fabiano, amene anataya mkazi ndi mwana sabata imodzi osaona nkhope zawo, ankabwera masana aliwonse kudzaima m'mphepete mwa dambo, chipewa chili m'manja, maso ali kutchalitchi. Ankaima, kenako n'kubwerera. Ndikaona zimenezi ndinkadziuza kuti kukhala chete kwanga kukuthandiza anthu. Ndipo tsiku lililonse limene linkadutsa, kunena kunkakulirakulira.

A Sipiriano anasiya kuyatsa nyali yawoyawo. Ankadya kusanade kuti mafuta onse apite pa zenera. Atatha, ndinawapatsa anga. Ndinaika botolo pa mpanda, iwo n'kudzatenga ine nditabwerera m'mbuyo. Ndinachita zimenezi kawiri. Kagolosale ka m'mudzi mwathu kanali kotseka, mwini wake ali ku msasa wa odwala. Pofika sabata yachisanu, parafini anali atatha nyumba zonse.

M'mawa wa Lolemba ndinawaona a Sipiriano atavala jekete ndi majombo, ndodo ili m'manja, botolo atalimanga chingwe n'kulikoleka paphewa. Ankatsokomola masiku amenewo, ndipo zaka zawo zinali pafupi makumi asanu ndi atatu.

"Mwadzuka bwanji, bambo? Ulendo wa kuti?"

"Ku Chimbiya. Mafuta atsala a lero lokha."

"Wapansi? Mtsinje wadzaza. Ndipo njirayo ikudutsa m'midzi imene aika anthu dzulo lomweli."

"Sindikamwa madzi a munthu."

"Ndipatseni botololo, ndipite ndine."

"Inu muli ndi ana awiri opanda mayi. Mukakatenga matendawa ndidzawauza chiyani? Ine ndikafa mudzangotseka chitseko."

"Dikirani mawa, mwina madzi aphwa."

"Mawa nyali izikhala itazima, alembi."

Anayamba kuyenda. Ndinawayang'ana kumsana, mmene ankapapasira njira ndi ndodo chifukwa diso lija linali lisanapole. Ndinadziwa kuti akawoloka mtsinje uja, kaya asawoloke, ndidzakhala nditawapha ndine. Ndinathamanga kutsata mpanda mbali yanga.

"Bambo Ngozo, m'tchalitchi mulibe Ukaristia."

Anaima, osatembenuka.

"Ansembe anatenga tsiku lomwe anatseka. Nyali sinazime yokha, anazimitsa ndi iwo. Anandituma kuti ndikuuzeni."

Ndinkamva madzi akuyenda m'mizere ya chimanga. Kenako anatembenuka.

"Kachitseko anakasiya kotsegula?"

"Kotsegula."

"Kansalu anachotsa?"

"Anachotsa, anakapinda bwinobwino."

"Ndiye anachita bwino." Anayang'ana botolo lija ngati sakulidziwa. "Masabata asanu, alembi."

"Ndinaona kuti nyaliyo ikukuthandizani, bambo. Ndinachita mantha kukulandani."

"Kundithandiza ine? Nanga amayi aja akhala akugwada ndi zidebe pamutu? Nanga a Fabiano? Nyali ija imalankhula. Mwandisiya ndikunamiza mudzi wonse m'dzina la Ambuye, inu n'kumandipatsira mafuta."

Ndinagwada m'matope momwemo, ndinati andikhululukire.

"Dzukani, mudetsa buluku," anatero. "Zokhululukira machimo ndi za ansembe. Ine ndine wosesa."

Analowa m'nyumba. Ndinaona kufiira kwa pa zenera kukuzima. Anatuluka ndi galasi lija, analitsuka katondo yense, analipukuta. Ndinaganiza kuti zathera pamenepo, koma ayi. Anatenga mpando n'kukauika pambali pa njira ya kuchitsime, patali pang'ono monga ankanenera azaumoyo. Aliyense wodutsa ankamuimitsa.

"Mayi, musagwadenso apa. M'tchalitchi mulibe Ambuye, ansembe anawatenga. Nyali ija ndinalakwitsa ndine."

Anakhala pamenepo masiku atatu, mvula ikamagwa atafunda thumba, mpaka anatsimikiza kuti palibe watsala. Ena anangogwedeza mutu. Ena anaseka pobwerera, amvekere mdala uja wayamba kuzweta mutu. A Fabiano anamvetsera mpaka kumapeto, anavala chipewa chawo, anapita, ndipo sanabwerenso ku dambo kuja. A Nabanda atafika ndinayembekeza kuti awaseka. Anatula chidebe.

"Ndiye tsopano mukhala ndi yani, a Ngozo?"

"Ndi wanu uja wa paliponse."

A Nabanda sanaseke. Anasenza chidebe chawo n'kumapita. Madzulo ake anabwera ndi maungu ophika, anawasiya pa chitsa.

Dzina langa a Sipiriano sanalitchule kwa munthu aliyense, tsiku limenelo kapena pambuyo pake. Komiti itakumana matenda atatha, wina anafunsa kuti zinatheka bwanji kuti wosunga tchalitchi asadziwe. Ine ndinali ndi cholembera m'manja. Iwo anayankha kuti anayenera kufunsa asanayatse, ndipo sanafunse. Nkhani inathera pomwepo. Ndinalemba yankho lawolo m'buku monga analinenera.

Tchalitchi chinakhalabe chotseka masabata ena awiri. Malamulungu awiriwo ndinamvanso khasu lija, mawerengo, ndi mayankho. Mawu anali otsika. Lamulungu lachiwiri anaima pakati penipeni, ndipo zii wake anatalika kuposa mawu aliwonse a wansembe. Ndinaimirira kuti ndikawaone. Ndisanafike pakhomo ndinamva akupitiriza.

Ansembe atabweza Ukaristia, a Sipiriano anayatsa nyali ya m'tchalitchi monga kale, anagwada, anadzuka n'kukatenga tsache. Kwa ine sanasinthe ulemu. Ankandipatsa moni m'mawa uliwonse, ankafunsa za ana. Ndikadwala ankabwera. Koma kiyi sanandisiyirenso. Ulendo wina wa kuchipatala anakapereka kwa a Bonifasi, a mabenchi aja. Anthu anati ndi chizindikiro chakuti akhululukirana. Ine ndinamva zimene a Sipiriano ankandiuza potero.

Nkhaniyi tinaikambanso kamodzi kokha, patatsala milungu iwiri kuti amwalire. Anali atasiya ntchito chifukwa miyendo inatupa. Ndinawapeza masana ali pakhonde, atafunda bulangete, akuwothera dzuwa. Tinakamba za mbewu, za denga la tchalitchi. Kenako anangoyamba okha.

"Masabata asanu aja, alembi."

"Ndikumva, bambo."

"Chibadwire sindinapempherepo chotero. Ndikagwada ndinkamva ngati munthu wakhala pambali panga. Ndicho chimandipweteka. Awiri otsatirawo ndinkakhala ngati ndikuodira panyumba imene eni ake anasamuka." Anakonza bulangete. "Ndakhala ndikuganiza kuti mwa mapemphero amenewa, Iwo analandira ati. Asanu a bodza aja, kapena awiri ouma aja."

"Mwina onse, bambo."

"Inu ndi mwina wanuyo." Anamwetulira pang'ono. "Ndikafunsa ndekha. Si kutali tsopano."

Ndinafuna kufunsanso ngati anandikhululukira, koma ndinaona kuti atopa. Ndinawathandiza kulowa m'nyumba. Anatsamira pa phewa langa, ndipo dzanja lawo linandigwira mwamphamvu kuposa mmene kuyendako kunkafunira. Mwina kunali kuopa kugwa. Ndaganiza za dzanja limenelo chaka chonse ndipo sindikudziwabe. Kwa ansembe ndinalapa kalekale. Kwa iwo sindinamve mawu, ndipo sindiwaimba mlandu, chifukwa sankanena chinthu asanatsimikize.

Mwana wawo wa ku Zambia anafika maliro ataikidwa kale. Anagona masiku awiri, anatenga chithunzi cha mayi ake ndi bulangete, anamanga chitseko ndi waya n'kubwerera. Tsopano mdzukulu wa mlongo wawo amayala mbewu ya mbatatesi m'nyumbamo kuti imere maso, ndipo amabwera mwa apo ndi apo. Udzu wa padenga wafwafwanthuka mbali ya kumphepo. Pakhonde pamagona mbuzi za eni ake. Mtengo wa mapichesi wa kuseri wayamba maluwa, ngakhale palibe anaudulira chaka chino. Kuchokera pakhomo pawo panali kanjira kawokawo kotsikira ku dambo n'kukwera kutchalitchi, kamene palibe wina ankadutsamo. Kamera tsekera. Kamaoneka m'mawa mokha, mame asanaume, ngati mzere wopyapyala m'udzu. Mvula ikadzagwanso kamodzi, sikadzaonekanso.